Pulagi yoyera kwambiri ndi imene inali ndi mlandu

Ndimayendetsa Probox. Ntchito yanga ndi kunyamulira amayi a geni katundu wawo: kachewere wa ku Bembeke, kabichi ndi tomato wa pa Lizulu, ndipo ikafika nyengo ya mango ndimatsikira ku Golomoti. Sindine makaniko. Koma galimoto ikakhala yokudyetsa, umayamba kumvetsera kulira kwake kuposa wailesi, ndipo zimene ndilembe pano ndi zimene ndinaona ndi maso anga injini yanga itayamba kumisa, kutanthauza kuti moto sunkayaka bwino mu silinda ina, chimodzi mwa zipinda zinayi momwe petulo amapsera.

Vutolo linayamba cha mu May, kuzizira kutangolowa. M'mawa ndikaliza, injini inkagwedezeka mpaka chiwongolero kumanjenjemera m'manja. Ikatero kwa kanthawi kochepa inkakhazikika yokha, tsiku lonse osavutanso, ngakhale nditasenza matumba mpaka kudenga. Ku ekizozi kunkatuluka utsi woyera, koma ku Dedza kuno mu June galimoto iliyonse imafuka nthunzi m'mawa, munthu amene akamayankhula pakamwa pamatuluka nthunzi. Utsi umenewo panalibe amene anauwerengera. Madzi a mu radiyeta ankatsika pang'onopang'ono, pansi osaoneka podontha paliponse.

Pa garaja ina pa boma anaika kompyuta, inalemba P0303. Nambala imeneyi imangonena kuti silinda yachitatu ikumisa, sinena chifukwa chake. P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, choncho mpaka P0304, ndipo P0300 imatanthauza kuti kumisako kukungoyendayenda. Mnyamata wa pamenepo anangoti, "Ndi mapulagi awa, bwana, tisinthe." Mapulagi ndi aja amathethetsa moto woyatsa petulo, silinda iliyonse ili ndi yake. Mnyamatayo anamasula onse anayi, kuwaponya m'chitini momwe munali kale mapulagi a galimoto zina, n'kumanga atsopano. Kumisa kunabwerera. Ulendo wotsatira anati ndi koyilo, ija imapereka magetsi ku pulagi, ndinagula koyilo. Kumisa kuli pomwepo.

Amene anandithandiza ndi madala ena okonzera galimoto pansi pa mtengo chakufupi ndi msika wa Lizulu. Nditawafotokozera, sanatsekule n'komwe boneti. Anati, "Muisiye igone pano, mwana wanga. Matenda a m'mawa timawaona m'mawa." Ndinakwera minibasi kubwerera ku Dedza ndili ndi kamtima kokayika, chifukwa pamalopo panalibe kompyuta, panalibe ngakhale denga.

M'mawa mwake ndinawapeza atang'amba chivundikiro cha katoni ya sopo, ataboola mabowo anayi ndi sikuludiraiva, n'kulemba ndi khala 1, 2, 3, 4. Galimoto sanailize. Anamasula timabawuti ta 10 togwira makoyilo, kuzula makoyilo onse, kenako n'kuunika ndi tochi m'maenje momwe mumakhala mapulagi asanamasule chilichonse. Anapopera m'maenjemo ndi pampu ya njinga kuti fumbi ndi timchenga zituluke, zisagwere mu silinda. Kenako ndi sipanala ya mapulagi ya 16 anayamba kumasula imodziimodzi, kuyambira kumbali kumene kuli lamba wa alitaneta, poti kumeneko ndiye kuli silinda yoyamba. Iliyonse ikatuluka ankaibaya pa bowo lake, mutu woyaka moto uli m'mwamba.

Itatu inali yofanana: chadothi choyera chija chozungulira kachitsulo kapakati chinali chitayamba kutuwa mwa kabulauni, m'mphepete mwa mazinga muli kamwaye kochepa kouma. Yachitatu inali mbee, yowala kuposa anzake onse, ngati sinalowepo mu injini. Ine ndinaloza yomweyo n'kunena kuti iyi ndiye yabwino. Madala anaseka, anati, "Anzake onse agwira ntchito limodzi, adya mafuta amodzimodzi, iyi yasamba kuti?" Anandionetsa kadzimbiri kofiira kumapeto kwa mazinga ake, kenako anandipatsa tochi kuti ndisuzumire pa bowo la silinda yachitatu. Pamwamba pa pisitoni panali poyera, ndipo pakona panali kadontho ka madzi kakunyezimira. M'mabowo enawo mapisitoni anali akuda ndi mwaye, monga mmene amayenera kukhalira.

Nkhani yake inali iyi. Gasiketi ya hedi, ija imatseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, inali itapsa kamalo kakang'ono pakati pa njira ya madzi ndi silinda yachitatu. Usiku injini ikamazizira, madzi ankalowa pang'onopang'ono mu silindamo. M'mawa pulagi inkanyowa n'kulephera kuyatsa, mpaka madziwo ataphwa ndi kutentha. Nthunzi ya madzi amenewo ndi imene inkatsuka pulagi ndi pisitoni. Madala anafuna kutsimikiza: anabwezera zonse, kutsekula chitsekerero cha radiyeta injini ikadali yozizira, kudzaza madzi mpaka pakhosi, n'kuliza. Timathovu tinayamba kutuluka motsatizana, osalekeza. Chonde, chitsekerero chimenechi musadzayerekeze kuchitsekula injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kukusupulani khungu kumaso.

Atandifunsa ngati galimotoyo inaboyilapo, ndinakumbukira za mu December. Ndikukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti nditasenza mango, fani inafa, geji inakwera mpaka pofiira. Ndinaima, kudikira kuti izizire, fani tinakonza, galimoto n'kumayenda bwinobwino miyezi yonse ya dzinja. Koma hedi ya injini zimenezi ndi ya aluminiyamu, ikatentha kwambiri imapindika pang'ono moti ndi maso simungaone, ndipo gasiketi imayamba kufooka kuchokera tsiku limenelo. Hedi tinaitengera ku Lilongwe kukaisikima, ndiko kuipala kuti iwongoke, tinaika gasiketi yatsopano, kumisa kunatheratu. Madala anandiletsanso kuthira madzi a pa mjigo okhaokha mu radiyeta, poti amadya zitsulo m'kati, anati ndizithira kulanti, madzi apadera a mu radiyeta.

Chimene chimandiwawabe ndi chitini chija. Mapulagi oyamba aja akanaikidwa pa mzere tsiku lomwelo, yachitatu ikanaoneka kuti yasiyana ndi anzake, ndalama ya koyilo sikanapita. Pulagi imakhala m'kati momwe moto ukuyakira, ndipo chilichonse cholowa mmenemo, kaya ndi petulo wochuluka, oyilo, madzi kapena mpweya wakuba, chimasiya chizindikiro pa mutu pake. Kompyuta imakuuzani silinda, pulagi imakuuzani chifukwa. Ndipo chachikulu si mtundu wa pulagi imodzi payokha, koma kusiyana kwake ndi anzake. Onse anayi akafanana, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana, monga eyakilina yosefa mpweya, pampu ya mafuta kapena masensa. Imodzi ikasiyana, funani pa silinda yomweyo: koyilo yake, injekita yake yopopera petulo, mavalavu ake, maring'i ake, gasiketi pamalo pake.

Chichokereni nthawi imeneyo ndakhala ndikusuzumira mapulagi a anzanga pa siteji, ndipo amene ndimawaona kawirikawiri kuno ndi akuda bii, a mwaye wouma womwe ukaukhudza umatsalira ku chala. Amene munakula ndi koloboyi mukudziwa: chingwe chikatalika, mafuta n'kuchuluka kuposa mpweya, lawi limafuka ndipo m'mawa mumadzuka m'mphuno muli mwakuda. Mu injini zimachitikanso chimodzimodzi. Petulo akachuluka kuposa mpweya, pulagi imada, galimoto imamwa mafuta mosaneneka, ndipo ku ekizozi kumanunkha petulo wosapsa.

Poyambira pake ndi eyakilina. Amene mumayenda misewu yafumbi ya ku Lobi, Mayani kapena Tsangano, itulutseni muiunike padzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, injini ikubanika. Koma pali china chimene chafala kwambiri kuno, ndipo ndikunena mosabisa kuti chimandinyansa: kuchotsa themositati, kachipangizo kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku radiyeta injini isanatenthe. Galimoto ikangotentha kamodzi, amakaniko ena amaichotsa n'kunena kuti ndi ya ku mayiko ozizira, kuno sifunika. Ku Dedza? Mu July? Popanda themositati madzi amazungulira mu radiyeta kuyambira pomwe mwaliza, injini sifika pa kutentha kwake, geji imangokhala pansi makamaka potsetsereka, ndipo kompyuta ya galimoto imapitiriza kuthira petulo wambiri poganiza kuti injini ikadali yozizira. Mapulagi amada, mafuta amatha, injini imadyeka msanga. Sensa yoyeza kutentha kwa madzi kapena sensa ya pa ekizozi ikafa, zotsatira zake zimafanana ndi zomwezi.

Nsonga ya pulagi imafunika kutentha kufika madigiri pafupifupi 450 kapena 500 kuti izitha kuwotcha mwaye wake yokha. N'chifukwa chake galimoto yongoyenda kuchokera kunyumba kufika ku ofesi pa boma pomwepa, kapena yongolira pa siteji podikira anthu, mapulagi ake amada ngakhale injini ilibe vuto lililonse. Yotere imangofuna ulendo wabwino pa M1, mwina kufika ku Ntcheu n'kubwerera. Pa chifukwa chomwechi, mukafuna kuwerenga mapulagi musawamasule galimoto itangokhala ikulira pamalo amodzi nthawi yaitali, adzakunamizani. Iyende kaye ulendo weniweni, muzimitse, izizire, ndiye mumasule. Yanga ija anaigoneka chifukwa ankasaka madzi, omwe amaoneka bwino injini isanalizidwe.

Alamu anga ali ndi Nissan 1400 yakale ya kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, imene anagula kwa munthu wa ku Salima. Kumeneko inkayenda bwino, koma itafika kuno inayamba kudetsa mapulagi onse. Salima ili m'munsi kunyanja, mamita pafupifupi 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Dedza boma ili cha m'ma 1,600. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, koma kabuleta sidziwa zimenezo, imangothira petulo mmene anaichunira kunyanja. Anaichuna mwatsopano, n'kupezanso kuti choko, kachitseko kochepetsa mpweya poliza m'mawa, sinkatsekuka yonse. Galimoto za mainjekita zimadzikonza zokha pa nkhani ya kukwera kwa malo, ndiye mwini Sienta asanamizire phiri.

Kuda kwa oyilo n'kosiyana. Pulagi imakhala yonyowa, yonyezimira, yonata, ndipo nthawi zina pa kachitsulo kopindika pamamera zinthu zolimba zotuwa ngati phulusa louma. Apa oyilo akulowa momwe mukuyaka moto, ndipo utsi wake ndi wabuluu. Ukamatuluka pamene mwangoliza m'mawa, kapena mutatsetsereka mtunda wautali phazi lili pambali ndiye n'kuponda mafuta, kawirikawiri ndi timasilo ta mavalavu tauma. Ukamatuluka nthawi zonse pamene injini ikukoka katundu, maganizo amapita ku maring'i. Njira yosiyanitsira ilipo ndipo si yodula: ayeze kompuresheni ya silinda iliyonse, yomwe yatsika athiremo kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Ikakwera, ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, ndi mavalavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yapsa pakati pawo.

Apa pali msampha umene wadyetsa anthu ndalama za ovaholo, yophwasula injini yonse, pachabe. Oyilo akhoza kudzaza m'dzenje la pulagi kuchokera pamwamba, chifukwa cha labala ya chivundikiro cha mavalavu imene yauma. Mukamamasula pulagi, oyilo uja amatsikira m'mazinga mpaka kunsonga, pulagi n'kutuluka yonyowa yonse, wina n'kukuuzani kuti injini yatha. N'chifukwa chake madala aja anayamba aunika m'maenje asanamasule. Mukaona oyilo ali pa labala ya koyilo ndi kumtunda kwa pulagi, koma chadothi cha kunsonga chili chouma, vuto ndi gasiketi ya pamwamba basi, ntchito ya ola limodzi.

Pulagi yonyowa koma yonunkha petulo, yosanata, ikutanthauza kuti mafuta akufika koma moto kulibe. Musanagule koyilo, sinthanitsani: ya pa silinda yomwe ikumisa muiike pa silinda ina, ya kumeneko ibwere kuno. Kumisa kukasamuka limodzi ndi koyilo, koyiloyo ndiye yafa. Kukakhala pomwepo, koyilo ilibe mlandu. Kuyesa kumeneku sikulira ndalama, ndi sipanala ya 10 yokha. Yang'ananinso chadothi cha kumtunda, kumene kumavala koyilo. Mukaona timizere takuda totsika ngati tojambula ndi pensulo, moto ukuthawira kunja m'malo modumpha kunsonga, ndipo pamenepo musinthe pulagi pamodzi ndi labala ya koyilo, apo ayi labala yakaleyo idzaononganso pulagi yatsopano. Koma kamkombero kabulauni kozungulira pamene chadothi chakumana ndi chitsulo si vuto, mapulagi ambiri amatero akakhalitsa. Ndipo musagwire koyilo kapena waya wa pulagi injini ikulira, mumadutsa magetsi a mphamvu ya mavoti masauzande ambirimbiri.

Tsono za kuyera. Galimoto za masiku ano za mainjekita zimawotcha bwino, moti chadothi chikhoza kukhala chotuwa moyererako popanda vuto. Kuyera koopsa ndi kuja kouma ngati choko, chadothi chili ndi timatuza kapena timadontho tonyezimira, tizitsulo tadyeka kapena tayamba kusungunuka. Pamenepo mu silinda mukutentha mopyola muyeso. Chimachititsa ndi petulo wochepa: paipi ya mpweya yong'aluka imene ikulowetsa mpweya wakuba, pampu yofooka, fyuluta ya mafuta yotsekeka, injekita yauve, kapena pulagi yolakwika nambala. Timadontho tonyezimira tija nthawi zina ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni. Mukationa, galimotoyo isakwerenso phiri ndi katundu mpaka chifukwa chake chipezeke.

Nthawi imene mafuta ankasowa, mu 2022 ndi 2023 muja, ambirife tinkagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, poti ntchito sinkadikira mzere wa pa filing'i siteshoni. Ena ogulitsa anali achilungamo, ena ankasakaniza ndi palafini. Petulo wosakaniza ndi palafini amaphulika nthawi yake isanakwane, ndipo mumamva kaphokoso ka chitsulo kuti nge-nge-nge mukamaponda pokwera. Mnzanga wina wa Sienta anandionetsa pulagi yomwe chadothi cha kunsonga chinachita kuthetheka, kachidutswa n'kusowa. Kaphokoso kameneko mukakamva mutangothira mafuta okayikitsa, chepetsani phazi, tsitsani giya, ndipo mukapeza mafuta abwino dzazani kuti oipawo asungunuke.

Pali nthawinso imene pulagi imangokhala kuti yakalamba, palibe china. Kachitsulo kapakati kamene kanali ndi m'mphepete mwakuthwa kamakhala kobulungira, gapu, mpata uja moto umadumpha, yakula, galimoto imavuta kulira m'mawa ndipo imadukiza mukaponda mwamphamvu. Mapulagi wamba amafuna kusintha akayenda makilomita 20,000 mpaka 30,000, pamene a iridium enieni okhalitsa amatha kufika 100,000. Kuwasiya mpaka gapu itakula kwambiri kumapha makoyilo, chifukwa koyilo imakakamizika kutulutsa moto wamphamvu kuti udumphe mpata waukuluwo, ndipo koyilo imodzi ndi yodula kuposa mapulagi wamba onse anayi.

Pogula, nambala yolembedwa pa pulagi si yokongoletsa. Yanga imavala Denso K16R-U11. 11 wakumapetoyo akutanthauza gapu ya mamilimita 1.1, ndipo 16 akunena za mmene pulagiyo imasungira kutentha. Kwa Denso ndi NGK, nambala ikamakwera pulagi imakhala yozizira: 16 wa Denso amafanana ndi 5 wa NGK, 20 amafanana ndi 6. Kwa Bosch zimayenda mosemphana, nambala yaikulu ndiye yotentha. Mukaika yozizira kwambiri imada msanga, mukaika yotentha kwambiri mukhoza kuboola pisitoni. Onaninso kutalika kwa mazinga. Ena ndi a mamilimita 19, ena 26.5, ndipo pali injini za Toyota zofanana dzina koma zosiyana chaka zimene zimavala mosiyana. Yaitali pa malo a yaifupi ikhoza kugunda pisitoni, yaifupi pa malo a yaitali imayakira m'dzenje. Wa m'sitolo akati "zonse n'zimodzi, achimwene, imalowa," tulutsani yakale muziike pamodzi muone. Kulowa imalowadi.

Mapulagi achinyengo nawo adzaza, makamaka olembedwa iridium. Akakuuzani mtengo wofanana ndi wa pulagi wamba, dziwani kuti si enieni. Zilembo zake zimakhala zofufutika kapena zopendama, kawashala kake kamagwedera mpaka kuvuka, ndipo kansonga kamadyeka miyezi yochepa. Ine ndinasankha kumagula wamba enieni n'kumasintha pa nthawi yake, kusiyana n'kulipira dzina la pa bokosi. Mukakhala ndi a iridium enieni, musawapale ndi sandipepa kapena bulashi ya waya, ndipo musakanikize kansonga kake kopyapyalako poyeza gapu, kamathyoka.

Pomanga, injini ikhale yozizira, chifukwa mazinga a mu hedi ya aluminiyamu ndi ofewa. Madala aja amaveka pulagi kachidutswa ka paipi ya labala kumutu, n'kuitsitsira m'dzenje, kumapota ndi zala. Ikalowa mopingasa, paipi imangoterereka m'malo moononga mazinga. Ikafika pothera ndi dzanja, ndiye amatenga sipanala: pulagi yatsopano ya washala amaipota pafupifupi theka la kuzungulira kumodzi, yakale yomwe washala wake anaphwanyika kale amangoikhwimitsa pang'ono chabe. Mukaona mnyamata akulumikiza paipi yachitsulo ku sipanala kuti amange pulagi, mugwireni dzanja, poti mazinga akapululuka hedi imayenera kukaikidwa ena kwa a zosula, ndipo nthawi zina imachita kutsika yonse.